Mtima Wotsalira wa Shigeo

Kuwabara Shigeo ankapanga tofu, chakudya cha nyemba za soya, kumsika kwathu kuno, ndipo madzulo ankabwera kudojo, nyumba yathu ya masewero, kudzaphunzira aikido, luso lodziteteza pogwetsana, limodzi ndi mkazi wake, Michiyo. Anali munthu waphuma. Akangomugwetsa mnzake pamphasa, iye watembenuka kale, akukonza lamba, maso ali kukhomo ngati wasiya nyemba pamoto.

Aphunzitsi athu, malemu a Tadokoro, ankamudzudzula ndi mawu amodzi: zanshin, mtima wotsalira. Ankati ukamugwetsa mnzako usamufulatire, maso ndi mtima zitsale pa iye mpaka adzuke. Shigeo ankawerama mwaulemu, koma panjira ankatiseketsa kuti munthu wagwa kale umuyang'aniranji, kodi angagwenso ali pansi? Michiyo ankamubwezera kuti tsiku lina adzamuponyera pawindo, n'kukafika kunyumba osadziwa kuti mkazi palibe. Zaka zinapita, imvi zinabwera, koma phuma lija silinamuchoke. Ife tinangomuzolowera.

Kenako Michiyo anayamba kuiwala. Poyamba unali mphika pamoto, kenako njira ya kunyumba, pamapeto pake dzina la mwamuna wake. Ankangomutcha bambo a tofu. Thupi lokha ndilo linkakumbukira: Shigeo akamugwira pamkono, iye ankatembenuka mofewa ngati kale. Choncho ankabwera nayebe kudojo, osamugwetsanso, kumangozungulirana pang'onopang'ono pakona.

Michiyo atagwa pamasitepe nyengo yachisanu, madokotala anati kumusunga kunyumba sikuthekanso. Shigeo anakana mpaka mphamvu zinamuthera. Tsiku lokamusiya kunyumba yosamalira okalamba anandipempha ndiwaperekeze, ndipo njira yonse ankaopa chinthu chimodzi, kuti Michiyo adzaona kuti akutayidwa. Namwino anamulangiza mwachifundo kuti akatsanzika achoke msanga, osacheuka, wodwala asalire. Ndinati mumtima, apa ndiye mwapeza katswiri wake.

Shigeo anamukhazika Michiyo pampando m'chipinda chochezera, n'kumufunditsa bulangete m'miyendo. Michiyo anamuyang'ana.

"Bambo a tofu, mukupita kale?"

"Ndikupita, mayi. Koma ndatsala."

Anatuluka chafutambuyo, maso ali pa mkazi wake, khonde lonse lalitali lija, namwino akumukodola kuti afulumire. Michiyo naye ankangomuyang'ana phee, osalira, mpaka Shigeo anagunda chitseko ndi msana. Amene ndinalira ndine, sindibisa.

Titalowa m'galimoto, Shigeo anandifunsa.

"Aphunzitsi aja ankati mpaka adzuke. Nanga amene sadzukanso, umuyang'ana mpaka liti?"

Oti amuyankhe, a Tadokoro, anali atamwalira kale.

Shigeo amabwerabe kudojo yekha. Achinyamata amadandaula kuti mkuluyu amachedwetsa masewero. Akakugwetsa, umagubuduka, umadzuka, umakonza malaya, n'kupeza akukuyang'anabe.