Majuzi Makumi Anayi pa Chilumba Chopanda Chisanu

M'tauni ina ya pamwamba pa mapiri, kumene nkhungu imagona pa malata mpaka dzuwa litakwera, munali mayi wina amene aliyense ankangowatchula kuti Amajuzi. Dzina lawo lenileni mwina ankalidziwa ndi a kuchipatala okha. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ankakhala pakhonde la sitolo ya nsapato, makina olukira ali pa kathebulo, ulusi uli m'katoni pafupi ndi miyendo. Ana a sukulu a m'tauni imeneyo anakulira m'majuzi awo. Juzi yawo inkachoka kwa mwana woyamba n'kupita kwa wachiwiri, kwa wachitatu, mpaka kukathera pogona galu ikadali yolimba. Anzawo ankawaseka kuti akudziphera okha msika, iwo n'kumangoyankha kuti manja awo sadziwa kunama.

Chisanu ndicho chinkawadyetsa, koma chinawalanga zedi. Nyamakazi inamanga nyumba m'maondo mwawo, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba aviika zala m'madzi ofunda kuti ziwongoke. Podikira kuti madziwo atenthe, ankayang'ana kalendala yakale imene inali pakhoma, ya chaka chimene chinatha kalekale. Sankaichotsa chifukwa cha chithunzi chake. Panali mchenga woyera mbee, nyanja yobiriwira, mtengo wa kokonati wopendekeka ngati munthu wotopa bwino, ndi kabwato kopanda munthu. Amajuzi ankalowa m'kabwato kameneko tsiku ndi tsiku. Ankavula nsapato, n'kutambalala, dzuwa n'kumawalowa m'mafupa pang'onopang'ono, mpaka ketulo itawadzidzimutsa.

Amuna awo anali atatsogola kale. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo mwanayo ndi amene anakapezeka pa chilumba chenicheni, kutali pakati pa nyanja yamchere, akuchapa nsalu zogonera mu hotela. Kumeneko anakwatiwa ndi munthu wofatsa wokonza mainjini a maboti. Tsiku lina anaimba foni kunena kuti ndi woyembekezera, ndipo akufuna mayi ake pafupi. Anawachenjeza ndithu, tisamunamizire. Anawauza kuti pa chilumbapo chilichonse chimabwera pa sitima, ndiye mitengo yake ndi yoboola m'thumba. Anawauzanso kuti mlendo amadindiridwa miyezi itatu yokha, ikatha azipita, pokhapokha atapeza ntchito yolembedwa. Amajuzi ankangoti eya, eya, koma maganizo awo anali kale m'kabwato kaja.

Tsono nachi chimene anachita mayi ameneyu. Anatenga foni, n'kuyamba kukulitsa zithunzi zonse zimene mwana wawo ankatumiza. Anayang'ana anthu a kumsika, a padoko, ana opita kusukulu, azibambo okhala pa benchi. Anayang'ana mmodzimmodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe wovala juzi! Amajuzi anaika foni pansi n'kupumira m'mwamba. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu. Chilumba chonsecho chinalibe munthu wodziwa kuluka. Kuti masana kumatentha ankadziwa, koma nanga m'mawa? Nanga nyengo yozizira, imene dziko lililonse limakhala nayo? Ndiponso kwawo malo ozizira kwambiri anali m'mbali mwa mtsinje, nanga kuli bwanji dziko lozunguliridwa ndi madzi mbali zonse? Anawamvera chisoni anthu a pa chilumbacho, ndipo anadziona kale atatsegula kasitolo koyang'ana kunyanja, mdzukulu akukwawa pakati pa ulusi.

Sanauze munthu, poopa kuti ena angawaphangire msikawo. Miyezi isanu analuka majuzi makumi anayi, aakulu ndi aang'ono, ofika m'khosi, a mabatani, ena a mizeremizere. Atamaliza anagulitsa makina awo kuti apeze ya ulendo, n'kusungako masingano olukira okha. Mwini sitolo ya nsapato anawafunsa kuti akabwerako adzagwira chiyani, iwo anati sakubwerako. Kalendala ija anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa chikwama.

Anayenda masiku awiri pa basi, kenako tsiku lathunthu pa sitima. Atatsika padoko, mpweya unawakumbatira ngati nthunzi ya m'bafa. Mwana wawo anali pomwepo, khanda la masabata awiri lili m'manja, mkamwini ataima chapatali ndi ulemu wake. Amajuzi ananyamula mdzukuluyo n'kuiwala zikwama, kuiwala kutopa, kuiwala ndi moni amene. Tsiku lachitatu anadzuka n'kudabwa kuti chinachake chasowa. Anakhala pamphasa kuganiza kuti n'chiyani, kenako anazindikira kuti maondo ali zii. Anakwera masitepe a kuseri kwa hotela osagwira khoma, n'kutsika, n'kukweranso, akuseka okha ngati mwana.

Masiku oyambirirawo ankangoyenda ngati ali kutulo. Madzi a m'nyanja anali ofunda ngati amene ankaviikamo zala kwawo, koma pano panalibe wowatenthetsa. Mphepo inkanunkhira mchere ndi maluwa. Mitengo ya kokonati inkagwedezeka mwaulesi, ndipo anthu ankayenda pang'onopang'ono ngati kulibe kowadikira. Amajuzi ankabereka mdzukulu n'kumayenda naye mumthunzi, akumuuza za kasitolo kawo kamene kadzakhale ndi chitseko chabuluu.

Banjalo linkakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo ochapira, chogawidwa pakati ndi nsalu. Kubwera kwa apongozi kunachititsa mkamwini kusamutsira mphasa yake kumene amakonzera mainjini, osadandaula ngakhale pang'ono. Patatha sabata, Amajuzi anaona kuti nthawi yakwana. Anakoka zikwama ziwiri zija pansi pa bedi n'kutsegula monyadira. Mwana wawo anayang'ana majuziwo, n'kuyang'ana mayi ake thukuta lili kamukamu, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Atamva kuti makina anagulitsidwa, kuseka kuja kunasanduka misozi.

"Amayi, kuno kulibe nyengo yozizira."

"Nanga m'mawa?"

"M'mawa ndi mmene mwakhala mukuoneramu. Chaka chonse."

Amajuzi anafunsa za nthawi ya mvula, n'kuuzidwa kuti mvula yake imagwa yofunda. Sabata yonse ija ankaganiza kuti afika m'nyengo yotentha basi, yozizira ili m'njira.

Koma munthu wouma mutu sagonja tsiku limodzi. Anakayala majuzi pa mphasa pafupi ndi msika. Alendo ochokera kunja ankaima n'kujambula, kenako n'kumapita. Mayi wina anagwiragwira juzi yofiira, Amajuzi mtima n'kukhala m'malo, koma mayiyo anafunsa ngati ingathe kukolopera. Pamsika pomwepo ndi pamene anaphunzira mitengo ya pa chilumba. Tomato mmodzi ankagulidwa pa mtengo umene kwawo ukanadzaza mbale. Anyezi ankadulidwa pakati n'kugulitsidwa theka. Madzi akumwa ankagulidwa m'zigubu, sopo ankadikira sitima, ndipo sitima ikachedwa ngakhale machesi ankasanduka chinthu chobisa. Zotsika mtengo zinali ziwiri zokha, nsomba ndi dzuwa.

Zinawapweteka mumtima. Moyo wawo wonse anadya thukuta lawo, lero azidyera mwana woyamwitsa, mkamwini akugona pakati pa mainjini? Anayamba kunena kuti kutentha kwawathera njala, n'kumasiya chakudya m'mbale. Anazungulira mahotela kufunsa ntchito. Kwina ankafuna achinyamata odziwa kusekerera alendo m'zinenero zitatu, kwina ankati malo adzaza, kwina ankangowayang'ana imvi n'kuwapatsa mpando kuti apumule. Chidindo cha m'chiphaso chawo sichinkadikira. Mdzukulu anali atayamba kuwazindikira, akamva mawu awo n'kumatembenuza kamutu.

Kutatsala masabata atatu kuti miyezi itatu ija ithe, tsiku lina masana anapita kukakhala pa mchenga pafupi ndi doko. Anapeza kabwato kopanda munthu, mtengo wa kokonati utapendekera pamwamba pake, ndendende ngati pa kalendala. Analowamo, n'kuvula nsapato, n'kutambalala. Dzuwa linawalowa m'mafupa monga ankalotera zaka zonse zija, ndipo anatseka maso. Koma taonani mtima wa munthu! Chimene anaona m'masomo ndi nkhungu ya kwawo, ana a sukulu akuthamanga m'majuzi awo, mpweya ukufuka m'kamwa. Anaona basi imene idzawabwezere kumeneko, khonde la sitolo ya nsapato lopanda makina, ndi foni yokhala ndi zithunzi za mwana amene akukula osawadziwa.

Atatsegula maso anaona bambo wina akutuluka m'nyumba yoyera yopanda mawindo imene inali kumapeto kwa doko. Anali atazinga thawulo m'khosi, mapewa atakwera m'makutu, manja atawapana m'khwapa, akuponda pansi mofulumira. Amajuzi anadzuka. Kayendedwe kameneko ankakadziwa kuposa dzina lawo. Munthu ameneyu anali wozizidwa.

Atapita kukafunsa, anapeza kuti nyumbayo inali yozizira, yosungiramo nsomba. M'kati mwake ankasankhamo nsomba n'kuzilongedza m'mabokosi a ayezi podikira sitima. Kapitawo wa pamenepo, bambo wonenepa wa mawu osasa, anawadandaulira kuti antchito sakhalitsa. Ana a pa chilumba chisanu sachidziwa, amagwira masabata awiri, chimfine n'kuwagwira, basi osabweranso. Majasi amene anaitanitsa anali asanafike chaka chonse, ndipo anthu ankangodzikulunga m'matawulo ndi m'masaka. Amajuzi anapita kunyumba liwiro limene maondo awo anali ataliiwala, n'kubwerako ndi chikwama pamutu.

Antchito analipo asanu ndi atatu, ndipo majuzi asanu ndi atatu anagulidwa tsiku lomwelo. Msika wonse wa pa chilumbacho unathera pomwepo. Amajuzi ankadziwa bwino kuti juzi yawo siitha msanga, moti anthu amenewa adzafunanso ina mdzukulu ali kusukulu. Komanso kugulitsa malonda si ntchito imene amadindira munthu chiphaso.

Analowa nawo m'katimo kuti aone ngati manja a majuziwo sakuviika m'madzi. Anakonza wina kolala, wina anamupindira m'manja, kenako poona mtsikana wina akulimbana ndi bokosi zala zitauma, anamuthandiza kusanja nsomba. Anachezamo pafupifupi ola lathunthu atavala diresi lokha ndi kajuzi kopyapyala. Kapitawo, amene ankalowa mphindi zisanu n'kuthawa, ankawasuzumira pachitseko.

"Mayi, inu simukuzizidwa?"

"Kumeneku ndiye kuzizira? Kwathu kukakhala chonchi timati lero kwacha bwino."

Kapitawoyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawafunsa ngati angafune ntchito, yolembedwa, ya makalata ake onse. Chimene Amajuzi sanamuuze n'chakuti maondo awo anali atadzuka kale. Patangotha mphindi khumi m'nyumbamo, nyamakazi ija inali itagogoda ngati m'bale amene wakulondola mpaka kwa eni. Anayang'ana panja kudzera pachitseko, dzuwa likuwala pa mchenga, kabwato kaja kali pomwe paja. Kenako anafunsa kuti ntchito amayamba nthawi yanji.

Mwana wawo atamva anakana kwamtuwagalu. Anawakumbutsa zaka zonse zimene ankabuula ndi maondo, anati bola iye azigwira ntchito ziwiri, anati mkamwini alankhula ndi anthu. Mkamwiniyo anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti apongozi si mtolo pakhomo pano. Amajuzi anamuthokoza. Anati walira mvula walira matope, ndipo iwo analira chilumba.

"Munathawa chisanu, amayi," anatero mwana wawo.

"Sindinabwerere maondo kuno. Tandipatse mwanayo."

Chidindo chatsopano chinadindidwa kutatsala masiku anayi. Patapita miyezi iwiri anapeza kachipinda kawo kuseri kwa telala wina, kokwanira bedi ndi mpando, mkamwini n'kubwerera m'nyumba mwake. Kalendala ija anaikhoma pakhoma, ngakhale kuti zenera likuonetsa zomwezo. Majuzi makumi atatu ndi awiri otsala aja akadali m'chikwama, ndipo akabwera wantchito watsopano amatulutsamo imodzi. Pa chilumba chonsecho ndi iwo okha amene amapita kuntchito dzuwa likuswa mtengo atanyamula chipewa chaulusi ndi masokosi awiriawiri, ndipo dzina lija la Amajuzi linawapeza kumenekonso popanda wolibweretsa.

Tsiku loyamba la ntchito ndi limene saliiwala. Ataweruka anathamangira kunyumba motsimphina, n'kufikira kunyamula mdzukulu. Mwanayo atangomva manja awo ozizirawo anadzidzimuka n'kulira mokuwa, akudzipotokola, mpaka mayi ake anamutenga. Amajuzi anatuluka panja n'kukhala pa sitepe, ndipo analira nawonso.

Kuyambira tsiku limenelo, akaweruka cha m'ma folo sapita kunyumba nthawi yomweyo. Pali khoma lamiyala m'mbali mwa doko limene limakhala padzuwa tsiku lonse. Amaima pamenepo, n'kugunditsa zikhatho pamiyala yotenthayo, maso ali kunyanja, maboti akubwerera mmodzimmodzi. Anthu odutsa amayesa kuti akupemphera, ndipo amatsitsa mawu. Pakapita kanthawi amadzigwira patsaya kuti amve ngati manja afunda. Akakhala kuti sanafunde bwino amawabwezera pakhoma, ndipo akafunda amanyamula chikwama chawo n'kumapita kukatenga mwana.