Dorika wa ku Kasina ndi Ofufuza Mitengo

Tsiku limene Dorika anatuluka m'chipatala atamudula bere, anapeza mwamuna wake atalongedza kale n'kubwerera kwawo. Ku Kasina kunkazizira, chimanga chili chiimire m'munda, wokolola palibe. Akumpingo anabwera kudzamupempherera, koma mapempherowo ankamveka ngati otsanzikana.

Iye anakana kukhalira mphasa. Ankadzikoka kupita kudimba, n'kumathirira kabichi ndi mkono umodzi poti winawo unkatupa. Mankhwala a kuchipatala sankadumphitsa. Mseru ukamuvuta ankawiritsa makungwa amene anamupatsa a Vinsenti, sing'anga wa kuseri kwa phiri.

Chaka chotsatira kunafika ofufuza otumidwa ndi boma. Ankafuna kudziwa mitengo imene odwala khansa amamwa kuti akaipime. Koma masiku a chipani chimodzi amenewo, mlendo wa boma akafunsa funso anthu ankangoyang'ana pansi. Pamsonkhano wa ofufuzawo zinali chimodzimodzi.

Dorika anaimirira.

"Ine ndimamwa," anatero. "Ngati n'kumanga, muyambe ine."

"Sitinabwere kudzamanga munthu, mayi," anayankha a Jenifa, namwino wotsogolera gululo. "Tithandizeni. Odwala anzanu angamasuke kwa inu kuposa kwa ife."

Anayenda nawo wapansi mudzi ndi mudzi mpaka ku Bembeke. Makomo ena anamutsekera, amvekere kazitape uyo. A Vinsenti anamusala kwa nthawi, koma iye sanaleke kukawapatsa moni, mpaka tsiku lina anatulutsa okha mizu yawo.

Zotsatira sizinali zozizwitsa. Mwa mitengo yonseyo panalibe wochiza khansa. Makungwa aja ankachepetsadi mseru, koma muzu wina wotchuka unkawononga chiwindi. A Vinsenti anausiya, ndipo akaona chotupa ankati, "Yambani mwaonana ndi Dorika."

A Jenifa anamuphunzitsa ntchito ya zaumoyo. Dorika anaperekeza amayi ambiri kuchipatala chotupa chikadali chaching'ono, ndipo ena mwa iwo anafika poona zidzukulu.

Atakalamba, Dorika ankakonda kunena kuti, "Ndimathokoza mpeni wa adokotala, ndimathokoza makungwa a a Vinsenti. Koma anthu aja anabwera kudzafunsa, ndi amene anandikumbutsa kuti ndikadali munthu."

Inu amene matenda akugwetsani, abale n'kukuthawani, dzukani muyankhule. Chilonda chanucho chikhoza kupulumutsa mnzanu. Musataye mtima.