Kafulashi ka pa Makiyi a Mota

Amuna anga atamwalira, kompyuta inatsala ndi ine chifukwa panalibe woifuna. Tsiku logawa katundu wa malemu, abale awo anakhala pamkeka pakhomo pathu pano, kumunsi kwa misiyoni ya Fonte Boa, n'kumatulutsa chimodzichimodzi: jekete, nsapato, wailesi, makasu, ndi mota, njinga yawo yamoto yofiira. Atafika pa kompyuta, yakalekale ya patebulo, yolira ngati chigayo ikamayaka, onse anangoiyang'ana. Azakhali awo anati chinthu chodya magetsi chotere chikhale ndi amayi a m'nyumba. Mota inapita kwa mng'ono wawo wa ku Domwe, pamodzi ndi makiyi ake. Ine ndinali pakona, nsalu kumutu, osayankhula, monga mmene namfedwa amayenera kukhalira. Ngakhale akanandifunsa, tsiku limenelo sindikanadziwa chimene ndidzachifune.

Amuna angawo anali mphunzitsi, komanso ndi amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi. Anali ndi kamakina kojambulira mawu, kakang'ono ngati sopo. Ankajambula kwaya ikamakonzekera, ankadzijambulanso okha akamapeka nyimbo, kenako zonsezo ankazilowetsa m'kompyuta, m'pulogalamu ina yodulira ndi kulumikizira mawu. Ine ndimagwira ntchito ku sekeretaliya ya sukulu. Kompyuta ndimaidziwa polemba makalata ndi mayina a ana, basi. Ndipo ndinene zoona, ya kunyumbayi ndinkadana nayo. Loweruka masana, nyemba zili padzuwa zikudikira kumenyedwa, munthu wamkulu ali phee pampando, zomvetsera m'makutu, akugwedezera mutu khoma. Ndinkalankhula, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

Patapita miyezi khumi, amayi awiri a kwaya anabwera kudzandiona. Anati pa Misa yokumbukira chaka akufuna kuimba nyimbo ya zopereka imene aphunzitsi anapeka, koma mawu a abambo a m'kwayamo asokonekera, aliyense akuimba zake ndipo akangana kale kawiri. Anamva kuti m'kompyutamo zonse zilimo. Ndinavomera asanamalize n'kufunsa komwe. Iwo anayesa kuti ndavomera chifukwa cha kwaya, koma ine ndinali ndi vuto langa limene sindinauze munthu. Ndinali nditayamba kuiwala mawu a amuna anga. Nkhope inalipo pachithunzi, malaya amodzi ndinali nditabisa, koma ndikayesa kukumbukira mmene ankandiitanira, m'mutu munkangomveka mawu anga omwe. Zimenezi zinkandiopsa kuposa kugona ndekha m'nyumba.

Loweruka lotsatira ndinapukuta fumbi, ndinayatsa. Pulogalamu inatseguka bwinobwino, ndipo mndandanda wa zojambula unalipo, wautali, chilichonse ndi dzina limene iwo anachipatsa. Ndinadina chimodzi. Panatuluka kabokosi ka Chipwitikizi konena kuti mtundu uwu wa mawu sungatsegulidwe, chifukwa chowonjezera chake chalephera kulowa. Ndinadina china, chimodzimodzi. Ndinazimitsa, ndinayatsanso, monga timachitira ku ofesi makina akachita mwano. Kabokosi kanabweranso. Ndinakopera chojambula chimodzi mufoni, foni nayo inakana.

Zinanditengera masiku kuti ndimvetse kuti chowonjezeracho n'chiyani. Pulogalamu yotere sikhala chinthu chimodzi. Ili ndi tizigawo tina timene timakhala patokha, timene anthu ake amatitcha mapulagini, ndipo ikamayaka imatiitana kamodzikamodzi ngati mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi. Amene wavomera amalowa ntchito, amene sanavomere amalembedwa kuti wajomba, ndipo kalasi imapitirira popanda iye. Ndinapeza tsamba losonyeza mayina onsewo. Onse anali akuda bwino, kupatula limodzi lotuwa, ndipo linali lomwelo lodziwa kuwerenga mawu a kamakina kaja.

Ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita kutauni ku Vila, kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Ndisanamalize kufotokoza, maso ali pa foni ya munthu wina, anati ndibweretse makinawo afufute zonse aikemo zatsopano. Ndinamufunsa ngati akapita kuchipatala ndi chala chotupa amalola kuti amudule mkono. Anaseka, ine sindinaseke. Pomaliza anandiikira pulagini yatsopano pafulashi yanga ya kuntchito, nati ndikachotse yakale ndiikepo iyi. Yakaleyo sindinaichotse. Munthu wa sekeretaliya sataya pepala, choncho ndinaisungira pambali m'pasita ina, kathumba kosungiramo mafayilo m'kompyutamo. Ndipo ndinachita bwino, chifukwa yatsopanoyo inabwera ndi dandaulo lakelake: inapangidwira makina a 64, pamene pulogalamu yathu ndi ya 32. Linali tayala la mota pa njinga yopalasa. Ndinayesa kufunafuna yakale pa intaneti ya pafoni, nditaima pachulu kuseri kwa nyumba pamene netiweki imagwira, koma paliponse ankangondipatsa yatsopano. Ndinabwezera yakale ija m'malo mwake.

Masabata amenewo ndi amene ndinadziwa kuti ndatsaladi ndekha. Pamaliro anthu amakhalapo, amakugwira, amalira nawe. Koma dzina lotuwa pagalasi ungalire nalo ndi ndani? Anzanga a kuntchito ankangoti pepani, mwina ndi vairasi. Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Tete, anandimvera pafoni kanthawi, kenako anati, “Amayi, zisiyeni, mudwala nazo.” Munthu yekhayo amene akanandiuza chochita anali m'kati momwemo, kuseri kwa kabokosi. Ndinkaweruka, n'kukhala pampando wawo dzuwa likadalipo, juzi ndi nsalu ndili nazo chifukwa kuzizira kwa kuno kunali kutayamba, n'kumakangana ndi makina mokweza. Nthawi zina ndinkawakalipira iwo amene. Ndinkati, inu aphunzitsi, munaphunzitsa ana a eni ake onsewa, n'kulephera kundilembera kapepala kamodzi?

Tsiku lina, ndikungodina paliponse chifukwa cha ukali, ndinatsegula tsamba limene sindinalionepo. Linali kaundula wa pulogalamuyo, mmene imalemba zonse zimene yachita poyaka, mzere ndi mzere. Apa ndiye ndinafika kwathu, chifukwa kuwerenga kaundula ndi ntchito yanga. Ndinatenga lula, ndinaika pagalasi, n'kumatsika mzere umodziumodzi monga ndimachitira ndi pauta, pepala la zotsatira za mayeso. Ndinapeza kuti pulagini ija sinajombe ayi. Inaitanidwa, inapezeka, koma nayonso inali ndi fayilo ina imene imadalira, ndipo inakaifuna pamalo otchedwa E, osaipeza. Mwanayo anabwera kusukulu, koma anabwezedwa pakhomo chifukwa analibe kope.

Kompyuta yathu ili ndi malo awiri osungiramo zinthu, C ndi D. E sindinamuonepo. Ndinafufuza paliponse, mpaka ndinaganiza zobwezera pulagini ya bambo wa ku Vila uja kuti ndiyesenso. Nditalowetsa fulashi yanga, pakona panatuluka chilembo: E.

Pamenepo ndinakumbukira. Ndinawaona amuna anga akulowa m'nyumba, akupisa m'thumba, akutulutsa makiyi a mota. Pamakiyipo panali kafulashi kakuda. Asanatsegule pulogalamu ankakalowetsa kaye kutsogolo kwa kompyuta, makiyi n'kumalendewera pamenepo. Ine ndinkawanena kuti kodi kompyutanso mumailiza ndi kiyi ngati mota? Anandiuzapo kamodzi kuti amasunga tizinthu tofunika pamenepo poopa mavairasi a kusukulu, koma ndinamva ndi khutu limodzi. Ndipo makiyiwo ndinawaona ndi maso anga akuperekedwa kwa alamu anga a ku Domwe tsiku logawa lija.

Chogawidwa sichiitanitsidwa. Aliyense kuno amadziwa zimenezo. Mkazi wamasiye akapita kwa abale a mwamuna kukafunsa kanthu, mawa lake mudzi wonse umva kuti akulondola mota. Komanso ine ndi alamu angawo sitinkayankhulana bwino. Pamaliro ndinanena mawu okhudza anthu amene amaoneka pogawa koma kuchipatala osaoneka, ndipo ngakhale sindinatchule dzina, aliyense anadziwa amene ndikunena. Ndinakhala milungu iwiri ndikudziuza kuti kwaya ingoimba nyimbo ina. Koma si kwaya imene inkandisowetsa mtendere, ndipo Misa inali itatsala mlungu umodzi.

Ndinapita tsiku la msika. Ndinawapeza m'mbali mwa msewu pakati pa matumba a kachewere, akukangana mtengo ndi ogula ochokera ku Malawi, mota yofiira itaimikidwa pamthunzi. Pathumba lina panali kawailesi kakulira nyimbo zovina. Atandiona anavula chipewa, anandipatsa thumba loti ndikhalepo, tinalonjerana zonse mwaulemu ngati anthu osadziwana. Maso awo ankapita ku mota n'kubwerera.

“Alamu, sindinabwerere mota,” ndinatero. “Pamakiyi paja panali kafulashi kakuda.”

Anatulutsa makiyi m'thumba. Panalibe. Ndinagwira thumba ndinakhaliralo. Kenako analoza ndi mlomo kawailesi kaja, ndipo ndinakaona kali m'mbali mwake, kakuthwanima. Anali atakapereka kwa anthu oika nyimbo kumsika kuti akadzaze. Ndinafunsa ngati anafufuta zimene zinalimo.

“Munali tizinthu tina tosalira,” anatero. “Woika nyimboyo anafuna kutichotsa kuti malo achuluke. Ndinakana. Ndinati ndi za achimwene, zikhale momwemo.”

Ndinawafotokozera zonse, za kwaya, za chilembo E, ngakhale ndinaona kuti za E sakuzitsata. Za kuiwala mawu sindinanene, koma ndikuganiza kuti anadziwa. Anazula kafulashiko, nyimbo inaduka pakati, amayi ogulitsa kabichi pafupi anadandaula. Anakakulunga m'kapepala n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati zogawa sizibwerera, ndiye ine sindinaitanitse kanthu ndipo iwo sanabweze kanthu, angondisungitsa mpaka tsiku la Misa. Anandinyamulira kachewere m'jumbo, ndipo anandiperekeza pa mota ija mpaka pokwerera chapa. Ndinali ndisanakwerepo chimwalirire eni ake.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Sindinavule ndi nsapato zomwe. Ndinalowetsa kafulashiko, E anatuluka, ndipo pansi pa nyimbo zambirimbiri za alamu panali kapasita kamodzi ka mafayilo atatu. Ndinatsegula pulogalamu, ndinapita patsamba la mayina. Dzina lotuwa lija linali lakuda ngati anzake.

Ndinayenera kufuna kaye nyimbo ya kwaya, koma ndinadina chojambula chomaliza pamndandanda. Panamveka kulira kwa mpando womwe ndinakhalirawo, kukhosomola pang'ono, kenako iwo. Ankaimba okha mawu a abambo, motsitsa, akumenya tebulo ndi chala. Mawuwo anali opyapyala kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ankakokera mpweya pamalo pamene ndinali nditaiwaliratu. Ndinagwira pakamwa. Ali pakati, panamveka chitseko, kenako mawu a mkazi, akuthwa, ochokera panja: “Nyemba zikukudikirani, inu muli pa zoimbaimba zanuzo. Kapena mudya nyimbozo?” Chitseko chinamenyetsedwa.

Tsiku limenelo ndikulikumbukira bwino. Ndinapita kukamenya nyemba ndili wokwiya, ndipo iwo atabwera kudzatenga ndodo ina sindinawayang'ane. Mpaka mawa lake ndinkawayankha ndi mphuno, chifukwa ndinkati ndawaitana munthu osandiyankha n'komwe, ngati waitana mtengo. Ndinauzanso mnzanga wa kuntchito kuti amuna anga ndikamayankhula amakhala ngati kukuwomba mphepo.

M'chojambulamo, chitseko chitatsekeka, chala chija chinasiya kumenya tebulo. Kenako amuna anga anaseka chapansipansi, nati, “Ndamva, amayi. Ndikubwera.” Mpando unakankhidwa, makiyi analira, n'kuthera pomwepo.

Nyimbo ya kwaya ndinaipeza tsiku lotsatira, ndipo pa Misa abambo anaimba mogwirizana. Mafayilo atatu aja ndinawakopera mu C, ndinauza pulogalamu kuti iziwafuna kumeneko, kafulashi ndinakabweza m'manja mwa alamu kunja kwa tchalitchi. Koma madzulo a tsiku la ku Domwe lija sindinachite china chilichonse. Ndinabwezera kumbuyo pang'ono, ndinadinanso, iwo anati akubwera. Ndinayankha mokweza m'nyumba mopanda munthu kuti chabwino, bambo, malizani kaye, nyembazo ndiyamba ndekha.