Galu wa Eveline

A Gervazio Nkhoma anabadwira pa komboni ya famu ya nthochi ku Burma Valley, kufupi ndi malire a Mozambique. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu, ndipo anamwalira asanabwerereko. A Gervazio anakula akusenza mikoko ya nthochi, mpaka tsiku lina mwini famu anaona kuti agalu ake, omwe ankauwa aliyense, kwa iwo ankangogwedeza michira. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inakhala ya agalu.

Chaka china dona wa pafamupo anabwera kuchokera ku Joni ndi chimbale cha pulasitiki choponyera galu kuti awakhe m'malere. Ankachiyesa ndi Tesi, galu wamkazi wa mawanga akuda ndi oyera. Koma dona akaponya kumanja, Tesi ankathamangira kumanzere, dona n'kumakalipa. A Gervazio anaonerera masiku atatu.

"Dona, galuyu sakulakwa," anatero tsiku lachinayi. "Pakamwa panu pakunena kwina, mapewa anu akuloza kwina. Iye akumvera mapewa."

Dona anawapatsa chimbalecho kuti ayese okha. A Gervazio anaima cham'mbali, phewa lamanja litaloza kumene ankafuna, maondo atapinda pang'ono. Tesi anazungulira kumbuyo kwa miyendo yawo n'kuuyatsa, iwo n'kuponya patsogolo pake, pamene anali asanafike. Wakhu! Pofika m'chilimwe, iwo ankati akagwada bondo limodzi n'kuwongola msana ngati benchi, Tesi ankapondapo n'kuuluka. Zinanso anaphunzira okha. Ukaweramira galu pamutu amachita mantha. Ukafuna abwere, usamutsatire, bwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ukaponya m'mwamba kwambiri amatera ndi miyendo iwiri n'kupweteka chiuno.

Mu 2002, pamene mafamu a azungu ankalandidwa, famu ija nayo inatengedwa. Eni ake analongedza katundu pa lole, agalu m'makhola kumbuyo. Tesi anatulutsa mphuno pa waya, a Gervazio n'kumuika chala, lole n'kunyamuka. Anthu a pakomboni anauzidwa kuti apite kwawo. Kwawo kuti? Ntcheu iwo ankangoimva m'kamwa mwa bambo awo.

Anakapeza chipinda chimodzi cha lendi m'tauni, ku Hobhouse, iwo ndi akazi awo a Dinna ndi mwana wawo mmodzi yekha, Eveline. Anayamba kugulitsa nthochi pa msika wa Sakubva, zochokera kuchigwa komwe kuja. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sanagwire galu. A Dinna atamwalira, m'nyumbamo Chinyanja chinachepa, pakuti Eveline ankachimva koma ankayankha m'Chishona. Kenako nayenso ananyamuka kukafuna ntchito ku Joni, n'kuwasiyira kagalu kofiira komwe anakatola m'ngalande, dzina lake Gondo.

"Ababa, mundisungire. Khrisimasi ndibwera," anatero pokwera basi.

Khrisimasi inafika, Eveline osafika. Kunadza mliri wa korona, malire n'kutsekedwa. Atatsegulidwa, vuto linakhala la mapepala: Eveline akanatuluka mu Joni sakanatha kulowanso. Gondo anakula ali womangidwa pa mtengo wa mapeyala, akulira munthu aliyense wamkazi akadutsa pageti.

Tsiku lina a Gervazio akutsuka chidebe cha nthochi, chivindikiro chinawapulumuka n'kugubuduka pabwalo. Gondo anadumpha mpaka pomwe chingwe chinathera, n'kuchigwira ndi mano. Iwo anaima nji, madzi akudontha m'manja. Madzulo ake anapala m'mphepete mwa chivindikirocho ndi mwala kuti chisacheke nkhama za galu, m'mawa mwake n'kupita naye ku bwalo la fumbi kumbuyo kwa timagolosale.

Sizinayende msanga. Gondo sanali Tesi. Anali wamantha, ndipo akawakha ankathawa nacho chivindikirocho. A Gervazio sankamuthamangitsa. Ankangotembenuka n'kuyamba kuyenda ngati akupita kunyumba, galu n'kubwera yekha kudzawagunda nacho pa katumba. Ankamuyankhula Chinyanja chokhachokha, nkhani zazitali, za a Dinna, za mtsinje wa kufamu, za mitengo ya nthochi ikamapindika ndi mphepo ya mvula yoyamba. Ankadziwa bwino kuti galu sakumva mawuwo, akuyang'ana mapazi awo basi, komabe ankayankhula.

Mai Regina, mwini nyumba yomwe ankakhala, anawapeza pabwalopo Loweruka lina akuchokera kogula buledi. Anaonerera Gondo akuzungulira, akuthamanga, akuwakha.

"Sekuru, izi Eveline ayenera kuziona," anatero Mai Regina, omwe ankawaitana choncho m'Chishona kutanthauza agogo, n'kutulutsa foni.

Anajambula kanema n'kutumizira Eveline. A Gervazio tsiku lonse kumsika ankangoganiza zomwe mwana wawo anene za galu wake, momwe wakulira, momwe akudumphira. Pobwera anapeza Mai Regina akuwadikira pakhonde, uthenga wa mawu utafika. Eveline anayesetsa kuyankhula Chinyanja, chothyokathyoka.

"Ababa, ndaona. Gondo wakula. Koma inu, ababa, msana wanu wapindika liti? Ndinakusiyani muli owongoka." Panadutsa kanthawi kumangomveka magalimoto a ku Joni, kenako mphuno ikufwenthedwa, uthenga n'kutha.

A Gervazio anapempha Mai Regina kuti awabwerezere uthengawo katatu.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi sanavule jekete. Anapempha Mai Regina kuti akajambulenso. Pabwalo paja anaima chilili ngati msilikali, chifuwa patsogolo, maondo owuma, kuti mwana aone kuti bambo ake akadali olimba. Gondo anawayang'ana, n'kukhala pansi. Anaponya, chivindikiro n'kukagwera chokha m'fumbi. Anaponyanso, galu anangogona n'kuika mutu pa miyendo, makutu atagwa.

"Sekuru, sakukudziwani mukaima choncho," anatero Mai Regina akuseka.

A Gervazio anapumira m'mwamba. Anavula jekete n'kulipachika pa chitsa. Analola msana ugwe momwe unazolowerera, anapinda maondo omwe tsopano ankalira ngati chitseko chakale, n'kupereka phewa. Gondo anadzuka nthawi yomweyo, anazungulira, n'kuwakha chivindikiro miyendo inayi yonse ili m'malere.

"Nditumize kanema uti?" anafunsa Mai Regina. "Woyamba wa jekete uja mukuoneka bwino inuyo."

"Tumizani wachiwiriwu. Ndipo ndigwirireni foniyo ndinene mawu."

Anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kuyandikira foni ngati akunong'oneza munthu.

"Eveline, mwanawe, msanawu usakudetse nkhawa, ndi ukalamba chabe. Ine ndikudya, galu akudya. Mapepala akatheka ubwere, ngakhale masiku awiri okha. Ubwere kukadali kouma, mvula ikayamba bwaloli limadzaza matope."

Eveline anayankha kuti ayesa mwezi wa Ogasiti. Sananene chaka.