Umboni wanga unapha chipembere

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene sanandilange molingana ndi kupusa kwanga, koma wandisungira mpweya kuti ndikuuzeni izi. Inu owerenga, ine sindinalozepo nyama ndi mfuti, komabe pali chipembere chimene chinafa chifukwa cha pakamwa panga. Mawuwo ndinawalankhula pabwalo la tchalitchi, Baibulo lili m'manja.

Kwathu ndi kwa Malengachanzi ku Nkhotakota. Nditatopa ndi ulimi wa mpunga, ndinapeza ntchito yolondola zipembere m'nkhalango ina yotetezedwa kummwera. Mpanda wamagetsi, nsapato, mawailesi ndi malipiro athu zinkachokera kwa anthu akufuna kwabwino akunja, ambiri a iwo osazionapo nyamazo ndi maso. Tinkalawirira kutsata mapazi ndi ndowe mpaka titaona kuti nyama ili bwino. Lamulo lalikulu linali lakuti komwe kuli chipembere suuza munthu, ngakhale mkazi wako.

Ine ndi mnzanga wina wa ku Nsanje tinapatsidwa chipembere chachikazi chokhala ndi mwana. Tsiku lina mphepo inatembenuka, chinamva fungo lathu n'kutithamangitsa. Ndinakwera mtengo waminga osamva n'kubaya komwe, nyanga n'kudutsa pansi pa chidendene changa. Mumtima ndinati izi ndikazinena pamaso pa mpingo.

Ndinabwera kumudzi patchuthi nthawi yokolola mpunga. Lamulungu mapemphero atatha, abambo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kuyamba umboni wanga. Ndikanangoti Mulungu anandipulumutsa, bwenzi zitathera pomwepo. Koma anthu akamati "Amen", nkhani inkakoma. Ndinatchula dziwe la kuseri kwa milambe iwiri kumene chipemberecho chinkamwa dzuwa likamatuluka. Ndinati timakhalako awiri okha, ndipo Lolemba lililonse timapita ku ofesi kukatenga chakudya, Mulungu yekha ndiye amatsala akulondera.

Pagulupo panali mlendo wogula usipa wokagulitsa kummwera, amene anapemphera nafe tsikulo. Anaseka nati, "Achimwene, ndiye azungu amakulipirani kuti muziweta ng'ombe yoti simungaikame?" Tonse tinaseka. Kenako anafunsa kutalika kwa nyanga, ine n'kumuyezera pamkono, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Anafunsanso mudzi woyandikira mpanda kumbali imeneyo. Ndinamuyankha ngati m'bale, monga mfumu ija ya m'Malemba inaonetsa alendo chuma chonse cha m'nyumba mwake.

Nditabwerera kuntchito sipanathe mwezi. Lachiwiri lina m'mawa tinaona miimba ikuzungulira pamwamba pa milambe ija. Chipembere chija tinachipeza chili kwala pafupi ndi dziwe, kumaso kutasemedwa ndi nkhwangwa, nyanga atachotsa. Mwana wake anaima pambali, akumukankha mayiyo ndi mphuno kuti adzuke. Inu owerenga, chinyama chachikulu chotero mwana wake amalira ndi timawu tating'ono ngati khanda la munthu.

Mabwana anatifunsa mmodzimmodzi ngati tinauzako munthu. Ndinakana, ndinakananso, mpaka kulumbira. Chikaiko chinagwera mnzanga uja chifukwa mkazi wake kwawo kunali pafupi ndi mpanda, ndipo anamuimitsa ntchito. Akunyamula chikwama chake anandigwira dzanja nati, "Amwene, inu ndinu munthu wopemphera, muzindikumbukira. Ana anga adya chiyani?"

Kuyambira pamenepo ndinaleka kupita kutsogolo kukalandira Mgonero. Kulira kuja ndinkakumva paliponse, chitseko chikamatsekuka, kambuzi kakamafuna mayi ake. Ndikagwada kuti ndipempherere mnzangayo, ndinkadzuka ndisanatchule n'dzina lake lomwe. Miyezi itapita ndinakaulula kwa ansembe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mulungu wamva, mwana wanga, koma bwana wako sanamve, ndipo mnzako akadali pakhomo."

Ndinapita kukanena zonse ku ofesi. Mnzanga anamubwezera ntchito, ine anandichotsa, ndipo sindinadandaule. Tinakumana pachipata, iye akulowa ine ndikutuluka. Ndinatambasula dzanja, iye anangondiyang'ana n'kudutsa. Mwana wa chipembere uja ndinamusiya m'khola akumuyamwitsa ndi botolo. Wogula usipa sanaonekenso kunyanja kuno, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati wopha chipembereyo anali iyeyo kapena wina amene anamva nkhani yanga ikuyenda pakamwa pa anthu. Kusadziwako ndiko kumandidya ndikamaweramira mpunga kudambo.

Choncho inu amene mwapatsidwa chinthu choti musunge, kaya ndi nyama, kaya mankhwala a kuchipatala, kaya chinsinsi cha mnzanu, dziwani kuti si aliyense woti "Amen" amene akuyamika nanu. Yamikani Mulungu mokweza, koma dziwe ndi tsiku zisiyeni mumtima. Iye akuzidziwa kale. Ndipo mukalakwa, nenani msanga, wosalakwa asanasenze katundu wanu. Ine ndinachedwa, ana a mnzanga n'kugona ndi njala.

Ambuye aike mlonda pamilomo yanu. Akupatseni mtima wosaopa kunena zoona ngakhale zitakuchotsani pantchito, ndipo zonse zimene anaika m'manja mwanu muzibweze kwa Iye zili zamoyo. Amen.