Timapiritsi ta Pansi pa Lilime

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anagwa pafupi ndi khola la mbuzi kwathu ku Mburuma, dzanja lili pachifuwa. Dzuwa linkaswa mtengo, koma thupi lawo linali lozizira, thukuta lili kamukamu.

Matendawa sanali achilendo. M'mbuyomo ndinawaperekeza kuchipatala ku Boma, kumene anesi anawapatsa kabotolo ka timapiritsi tating'ono ngati mapira. Ndinamva ndi makutu angawa: chifuwa chikathina akhale pansi, aike kamodzi pansi pa lilime kasungunuke kokha, osameza, ndipo tifune galimoto msanga. Atate sanafotokozere aliyense kunyumba.

Tsikulo amayi anali kudimba. Amene anathamangira kukuwa kwanga anali azakhali, mlongo wawo wa atate, katswiri wotema mphini. Mwendo ukatupa, mphini pamwendo. Mutu ukawawa, mphini pamutu. Ndinawapatsa kabotolo kaja.

"Ba nesi anakamba kuti pansi pa lilime," ndinatero.

"Lilime ndiye ibaba? Ndilo likuwawa? Choka apa iwe! Mankhwala ayenda pamene pali matenda."

Anatenga lezala n'kutema pachifuwa pa atate, anaperera timapiritsi tonse pamwala, ufawo n'kupaka m'mabalamo. Ankapaka akulira, akuitana mlongo wawo dzina la paubwana. Atate mawu anali atawathera. Ankangoyasamula n'kukweza lilime, maso ali pa ine. Azakhali anati atate akufuna madzi. Ndinakuwa, ndinakoka chitenje chawo mpaka anandiwaza mbama, koma m'botolo munatsala thonje lokha.

Lole ya makala inapezeka dzuwa litapendeka. Atate anatsirizika m'njira, atagona pamatumba.

Sindibisa, azakhali ndinawada zaka zambiri. Nditakula ndinafunsa dokotala wina ngati kapiritsi kaja kakanawapulumutsa. Anati mwina, mwinanso ayi, chifukwa pena pamafunikanso asipirini wotafuna ndi mankhwala olowera mumtsempha. Koma anati pansi pa lilime m'pamene kakanalowa m'magazi mwachangu n'kutipatsa mpata.

Azakhali atakalamba ankakonda kundigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndinayesetsa, mwanangu." Ndinkangovomera, poti anayesetsadi, ndipo n'chimene chimandiopsa mpaka lero. Munthu angakukondeni mpaka misozi, koma ngati sanauzidwe polowera mankhwala tsikulo lisanafike, adzakutherani mankhwalawo m'manja inu mukuona.