Msampha wa Leland Pruitt

Leland Pruitt sankakhulupirira zala za munthu. Pakampani ina yopanga mapulogalamu a kompyuta mumzinda wa Raleigh, iye ndiye ankalemba timapulogalamu toyesa ntchito ya anzake. Wina akangosintha kanthu, makina ankayesa okha n'kuyatsa chobiriwira ngati zili bwino, chofiira ngati zapindika.

Pambali pake pankakhala Mayi Odalys Ferrer, oyesa ndi manja. Tsiku lonse kudinadina mabatani, kulemba dzina pamalo pa tsiku lobadwa, kudzipusitsa dala ngati kasitomala woiwala magalasi kunyumba.

"Mayi, zala sizinatupebe?" ankatero Leland, khofi ali m'manja. "Za sabata yanu yathunthu, makina anga amamaliza ndisanathire shuga."

"Makina akowo amangofunsa zimene unawauza, mwanawe," ankayankha mayiwo. "Kasitomala sanalowe kalasi yako."

Bwana wawo, Corbin, anamvera Leland. Mayi Odalys anapatsidwa keke, khadi, ndi katoni yolongedzamo katundu wawo, ntchito n'kuwathera. Chisoni chinam'gwira ndithu Leland, koma keke anawonjezera.

Ndiye ntchito anaigwiratu, munthu uja! Miyezi inadutsa chikuyaka chobiriwira chokhachokha. Zolakwika zinkagwidwa zisanafike patali, mpaka anthu anaiwala kuti alipo wozitchera. Tsiku lina Corbin anaima pakhomo n'kufunsa ndi ulemu woopsa uja: "Leland, tandikumbutsa, kwenikweni umachita chiyani masiku ano? Lachisanu tikambirane."

Leland anazindikira kuti ntchito yake ili pangozi. Ana ali pasukulu, inshulansi ya chipatala ya banja lonse yatsamira pantchito yomweyi. Anaganiza kuti anthuwa afunika kuona kautsi pang'ono kuti akumbukire wozimitsa moto. Lachinayi masana analowetsa dala kacholakwika m'pulogalamu ya sitolo ya pa intaneti, koti basiketi ya wogula izikhuthuka yokha asanalipire. Mawa lake akanakapeza yekha pamaso pa bwana, anthu n'kumuombera m'manja.

Anakabisa pakona pamene ankakhulupirira kuti makina safikapo. Kalanga, anaiwala kuti chaka chatha Mayi Odalys anamuseka kuti makina ake sadziwa basiketi, ndipo iye, atapsa mtima, analemba mayeso a pakona pomwepo, okhwima kuposa onse.

Asanadzuke n'komwe pampando, chofiira chija ng'anii! Uthenga unapita kwa gulu lonse monga anakonzera yekha: chaonongeka ndi ichi, wasintha ndi Leland Pruitt. Mitu inatembenuka mu ofesi monse, wina mpaka anaimba mluzu.

Corbin anabwera mano onse ali pamtunda, n'kum'gwira paphewa.

"Aise, zinthu zakozi n'zoopsa! Zagwira ngakhale mwini wake. Ine ndimada nkhawa kuti ukachoka tidzavutika, koma tsopano mtima wanga wakhala pansi."